Pulogalamu yojambulira mapatani a ntchito zamanja, musankhe iti?

Funso ili ndafunsidwa kambirimbiri moti ndaganiza zongolemba kamodzi kuti aliyense awerenge payekha. Ine ndimasoka zikwama za zitenje komanso kuluka mikanda kuno ku Area 25, ndiye anzanga akaona patani yanga ili papepala yopulintidwa bwinobwino, miyezo yolembedwa m'mbali, amayamba kufunsa kuti asisi mumagwiritsa ntchito apu yanji, tiuzeni nafe tidawunilode. Ndimavutika kuyankha msanga chifukwa yankho lake si dzina limodzi ayi, zimatengera chomwe mukupanga, chida chomwe muli nacho m'manja, ndi komwe chojambulacho chikathere.

Ndiye musanawononge bandulo yanu, khalani pansi kaye mudzifunse kuti chojambula ichi ntchito yake ndi chani. Pali chojambula chongoonetsa kasitomala, kuti mayi chikwama chanu chizaoneka chonchi, thumba lili apa, zipi ili apa, mwagwirizana nazo? Chimenecho sichifuna miyezo yeniyeni, bola chioneke bwino pa WhatsApp basi. Koma pali china chomwe muchipulinte, muchidule ndi sizasi, muchiike pansalu kapena pathabwa nkumatsatira m'mbali mwake ndi choko, ndipo chimenechi chikalakwika ndi theka la sentimita lokha ntchito yonse imapindika. Ndiye palinso chopita kumakina a anthu ena, monga aja odula masitika, odinda matisheti kapena opeta mabaji a yunifolomu. Anthu ambiri omwe amadandaula kuti apu yakuti ndi yachabe, ukafufuza umapeza kuti anatenga apu ya ntchito yoyambayo nkumaikakamiza kuchita ntchito yachiwiri.

Chomwe chimasiyanitsa ndi ichi, ndipo mukachimvetsa zina zonse zikhala zophweka. Mapulogalamu ojambulira alipo mitundu iwiri. Ena amapanga chithunzi ndi timadontho tating'onoting'ono, ma pixel, ndendende ngati mikanda yolukidwa, ukaima patali umaona duwa koma ukayandikira umaona mkanda umodziumodzi. Zithunzi za pafoni zonse zili choncho, nchifukwa chake ukachikulitsa kwambiri chimasweka, m'mbali mwake mumakhala ngati masitepe. Mtundu umenewu amati raster. Mtundu winawo amati vector, ndipo umagwira ntchito ngati kabuku ka telala kolembamo miyezo, kompyuta sisunga timadontho koma imasunga malangizo oti mzere uchoke apa ukafike apo, utalike masentimita 35, upinde chonchi. Ndiye kaya mwachichepetsa kukhala kabaji kaya mwachikulitsa kukhala chikwangwani cha pashopu, mzere umakhalabe wosalala ngati wodulidwa ndi lezala. Chilichonse chodula, chosema motsatira mzere kapena chopita kumakina chimafuna vector. Chongoonetsa mitundu ndi maonekedwe raster imakwanira.

Tiyambe ndi amene ali ndi foni yokha chifukwa ndife ambiri. Pa Android ine ndimakonda Sketchbook, ndi yaulere, sikirini yake ilibe zinthu zambirimbiri zosokoneza, ndipo ikangolowa mufoni imagwira ntchito opanda intaneti. Muli zinthu ziwiri zomwe munthu wa ntchito zamanja azikonde. Choyamba ndi ma layer, omwe ali ngati mapepala oonekera osanjikizana, pansi mumaika chithunzi cha chitenje chomwe mwajambula ndi kamera, pamwamba nkujambula chikwamacho, ndiye kasitomala akati ayi mtundu uwu sindikuufuna mumangosintha chapansicho osayambiranso zonse. Chachiwiri ndi symmetry, mukajambula mbali imodzi inayo imadzijambula yokha mofanana, zabwino kwambiri kwa opanga ndolo, mikanda ya m'khosi, kapena osema mipando ya mafumu ija yomwe amagulitsa pafupi ndi positi ofesi ku Old Town. Ina ndi ibisPaint X, ya ku Japan, ili ndi maburashi ambiri kuposa Sketchbook, ndipo imajambula kavidiyo ka momwe mwajambulira kuyambira poyamba mpaka kumapeto, koti mutha kuika pa status anthu nkumaona kuti dizaini ndi yanudi. Vuto lake yaulereyo imabwera ndi zotsatsa malonda. Procreate mumaimva kwambiri pa YouTube koma ndi ya zida za Apple zokha komanso yogula, ngati muli ndi Tecno kapena itel musataye nayo nthawi kuisaka.

Kamodzi kokha ndikupempheni, gulani kapeni kolembera pasikirini ngakhale kotchipa, chala chimaphimba pomwe ukujambula ndipo mizere yopyapyala imavuta.

Nanga Canva? Imeneyi ndi ya ku Australia, inayamba 2013, ndipo ndi yabwino zedi popanga positala, mndandanda wa mitengo, kalebulo kopachika pachikwama kolembedwa dzina la bizinesi yanu. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa zimenezo. Koma si yojambulira patani, imadalira intaneti kwambiri, netiweki ikavuta mumangoyang'ana kachizindikiro kakuzungulira, komanso kupinda mzere momwe mukufunira inuyo ndendende ndi kovuta. PixelLab yomwe achinyamata amapangira mapositala a zinkhoswe ndi mabridal shower nayonso chimodzimodzi, yabwino pa zilembo ndi zithunzi, osati pa miyezo.

Tsopano ngati muli ndi laputopu, kapena muli ndi mwana kaya mlamu yemwe angakubwerekeni madzulo, ine maganizo anga ndi oti yambani ndi Inkscape, ndipo ambiri a inu muthera pomwepo osafunanso ina. Ndi ya vector, ndi yaulere zenizeni osati zoti masiku 30 kenako lipirani, inayamba 2003 ndipo amaikonza ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana, imagwira pa Windows, pa Mac ndi pa Linux. Mumaitenga pa tsamba lawo kamodzi kokha, siifika ndi theka la giga lomwe, kenako mutha kuika pa flash nkugawira gulu lonse la amayi osoka ndipo palibe lamulo lomwe mwaswa chifukwa laisensi yake imalola zimenezo. Sifuna intaneti ngakhale pang'ono. Pa laputopu yakale ya RAM (memori yogwirira ntchito) ya 4GB imayenda ndithu bola musatsegule zinthu zambiri nthawi imodzi. Sindikunamizani kuti tsiku loyamba muimva, mabatani ndi ambiri ndipo onse ali m'Chingerezi, koma pa ntchito yathuyi ofunika ndi asanu kapena asanu ndi limodzi basi.

Ndikuonetseni momwe ndimapangira patani ya chikwama wamba cha masentimita 35 m'lifupi ndi 40 m'litali. Ndikatsegula ndimapita ku File kenako Document Properties, nkusintha miyezo kuti ikhale cm, apa musalumphe chifukwa ikakhala pa px manambala onse omwe mulembe sakhala a tepi yanu. Kenako ndimatenga chida chojambulira bokosi, nkukoka bokosi lililonse, ndiye pamwamba pali timalo tiwiri tolembedwa W ndi H, pa W ndimalemba 35 pa H 40, basi thupi la chikwama latha. Pali kakinthu kena komwe kanandizunguza masabata angapo, Inkscape ikamayeza ndi chida chosankhira zinthu chija cha kamuvi imaphatikiza ndi kunenepa kwa mzere womwe, ndiye mzere ukakhala wonenepa bokosi lenileni limachepa pang'ono, mankhwala ake ndi kupanga mzere wopyapyala kwambiri kapena kupita ku Preferences pa Tools nkusankha Geometric bounding box. Malo a msoko ine ndimasiya sentimita imodzi ndi theka mbali zonse, ndiye ndimajambula bokosi lachiwiri la 38 kwa 43 kunja kwa loyambalo, lakunja ndi lodula, lamkati ndimalipanga la timizere todukaduka kusonyeza podutsa singano. Thumba lamkati, zogwirira, kansalu ka pazipi, chilichonse bokosi lake ndi dzina lake lolembedwa pakati, komanso kamuvi kosonyeza komwe maluwa a chitenje ayang'ane, chifukwa zitenje zina zili ndi mbalame kapena miphika ndipo palibe kasitomala amene angalandire chikwama mbalame itazondoka.

Kwa zinthu zokhotakhota monga duwa, nsomba ya chambo kapena mapu a Malawi, ine sindijambula ndi mausi ayi, dzanja limachita bwino papepala. Ndimajambula ndi pensulo, nkudutsamo ndi maka yakuda, nkujambula ndi foni panja pamthunzi foni itayang'ana pansi molunjika osapendeka, nkutumiza ku laputopu. Mu Inkscape ndimadina chithunzicho, kupita ku Path nkusankha Trace Bitmap, ndipo imasandutsa mizere ya maka ija kukhala vector. Kenako ndi chida cha ma node, omwe ndi timfundo togwirira mzere poupinda, ndimachotsa timfundo tosafunika nkusalaza pomwe dzanja linanjenjemera. Njira imeneyi ndi imene ndimalimbikitsa amisiri akuluakulu omwe ajambula ndi dzanja zaka zambiri, luso lanu musalitaye chifukwa cha kompyuta, kompyutayo ingokusungirani ndi kukukulitsirani.

Kupulinta ndiye pomwe pagona nkhani. Tsiku lina ndinapita ndi patani yanga pa kashopu kena kopulintira m'tauni, mnyamata wake anapulinta bwinobwino, ine osayeza, ndinakafika kunyumba nkudula zikwama zisanu ndi chimodzi za oda ya ukwati, posoka ndi pomwe ndinaona kuti zipi zonse zatalika kuposa pakamwa pa chikwama. Chinachitika nchoti makina anali pa Fit to page, ndiye anachepetsa chilichonse pang'ono kuti chikwane papepala. Chitenje chinapita, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa chinali chosankha mwini ukwati, ndinazungulira mashopu a ku Area 2 tsiku lonse kusaka chofanana nacho. Kuyambira pamenepo patani iliyonse ndimajambulapo kabokosi ka masentimita 5 kwa 5 pakona, ndimasunga ngati PDF, ndimawauza kuti achimwene ikani pa Actual size kapena 100%, ndipo pepala likangotuluka ndimayeza kabokosiko ndi tepi pomwepo ndisanapereke ndalama. Tepi muziyenda nayo m'chikwama. Pepala la A4 ndi masentimita 21 kwa 29.7, la A3 ndi 29.7 kwa 42, ndiye patani yaikulu sikwana pa limodzi, koma mu Adobe Acrobat Reader yomwe ndi yaulere muli posankha Poster pomwe imagawa patani pamapepala angapo, inu nkumata ndi selotepi. Mukamaliza matani pa katoni kuti ikhalitse. Ndipo potumiza pa WhatsApp tumizani ngati Document, mukatumiza ngati chithunzi imachifinya nkuchiwononga.

Tikambe za CorelDRAW chifukwa ndikudziwa ena ayamba kale kunena kuti nanga bwanji simukuitchula. Ndi pulogalamu yamphamvu, ya ku Canada, yakhalapo kuyambira 1989, ndipo mukalowa m'mashopu ambiri odinda matisheti, zikwangwani ndi zitenje za mipingo muipeza pa kompyuta. Ngati cholinga chanu ndi kukalembedwa ntchito malo ngati amenewo, iphunzireni, simulakwitsa. Adobe Illustrator nayo ndi ya akatswiri, inatuluka 1987, koma kuyambira 2013 Adobe anasiya zogulitsa kamodzi, umalipira mwezi ndi mwezi, m'madola, pa khadi la kubanki, ndipo imafuna kompyuta ya RAM yosachepera 8GB. Inu mukudziwa momwe ndalama zakunja zikuvutira, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye munthu wogulitsa zikwama khumi pamwezi kumalipira madola chifukwa cha mabokosi ndi mizere yomwe Inkscape imajambula ulere, ine sindikuona chifukwa chake. Za makope obedwa aja amakuikirani pamtengo wochepa, chonde samalani, ambiri amabwera ndi mavairasi ndipo tsiku lomwe laputopu idzakane kuyaka mapatani a zaka zitatu adzapita limodzi.

Chomwe mungachite kuti mugwirizane ndi a mashopuwa nchophweka. Afunseni kaye kuti mumalandira fayilo yanji, ambiri PDF amalandira, ena SVG yomwe ndi fayilo ya Inkscape yeniyeni ndipo CorelDRAW imaitsegula. Musanatumize sandutsani zilembo zonse kukhala mizere, pa Path sankhani Object to Path, apo ayi kompyuta yawo ikakhala ilibe font yanu, kutanthauza mtundu wa zilembo womwe mwasankha, iikapo ina ndipo dzina la kasitomala lituluka mwina. Koma sungani kope ina yosasandutsa yoti muzitha kukonza sipelo. Mitundunso musaikhulupirire ya pasikirini, sikirini imawala pomwe inki siwala, ndipo Inkscape pa nkhani ya mitundu ya makina osindikizira, ija amati CMYK, ndi yofooka, apa CorelDRAW imaiposa ndithu. Ngati oda ndi yaikulu apempheni adinde kamodzi kaye muone ndi maso.

A mikanda, inu nkhani yanu ndi ina ndipo ndi yosangalatsa. Simufunika pulogalamu yojambulira konse, Excel kapena LibreOffice Calc yomwe ndi yaulere imakwanira. Chepetsani timabokosi take, kabokosi kamodzi kakhale mkanda umodzi, nkumathira mitundu, chakuda chofiira chobiriwira ngati mukuluka chibangili cha mbendera, dzina la munthu pakati. Ubwino wake mumatha kuwerenga kuti mikanda yofiira ikufunika ingati musanapite kukagula. Koma dziwani kuti mkanda si wofanana mbali zonse, ukalukidwa umatalika mbali ina kuposa inzake, ndiye mukapanga timabokosi tofanana mbali zonse duwa lanu lozungulira lidzatuluka ngati dzira. Lukani kachidutswa kaye, muwerenge kuti pa sentimita imodzi pakulowa mikanda ingati chopingasa ndi ingati chotsika, nkusintha timabokosi kuti tifanane ndi zimenezo. Oluka madengu, malichero ndi mikeka njira yomweyi imathandiza pa mapatani a mizere, koma pa chinthu chozungulira bwererani ku Inkscape, mu Path Effects muli Rotate copies, mumajambula chigawo chimodzi chokha iyo nkuchizunguliza kangapo momwe mwanenera.

Amene mukufuna kupanga maluwa a nsalu obwerezabwereza, a batiki kapena odinda ndi chidindo, yang'anani Krita. Nayonso ndi yaulere, ndi ya raster, ndipo ili ndi Wrap Around Mode yomwe imakuonetsani dizaini yanu itabwerezedwa mbali zonse uku mukujambula, ndiye mumaoneratu ngati polumikizira pakuoneka. Poyamba ikani 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa A4 ndi ma pixel 2480 kwa 3508, mukayamba ndi kakang'ono simungadzakakulitse bwino. Ndipo kumbukirani kuti chidindo ndi masitika ambiri omata ndi moto pa tisheti zimafuna dizaini yotembenuzidwa ngati pagalasi, apo ayi zilembo ziwerengeka chobwerera. Odula masitensulo opentera zikwangwani siyani timilatho pa zilembo monga A, O ndi D, mukadula mozungulira monse chapakati chimagwa.

Akalipentala a ku Mchesi ndi kwina, patani ya msana wa mpando kapena mwendo wokhota wa tebulo Inkscape ikuchitirani, mupulinte mumate pathabwa. Koma ngati mukufuna kasitomala aone kabati mbali zonse musanadule mlombwa wodula uja, pamenepo mukufunika ya 3D. SketchUp ndi yosavuta kuphunzira koma yaulereyo imayendera pa intaneti, FreeCAD ndi yaulere ndipo sifuna intaneti koma ndi yolimba mutu, imafuna kudekha. Atelala osoka madiresi ndi masuti pali Seamly2D, yaulere, mumalowetsa miyezo ya munthu patani nkusintha yokha, koma imathandiza munthu amene kudula patani ndi dzanja amakudziwa kale.

Kena kakang'ono, zithunzi za pa Pinterest ndi Facebook zili ndi eni ake. Kuonera kuti mupeze maganizo palibe vuto, koma kutenga dizaini ya munthu nkuipanga Trace Bitmap nkumagulitsa ngati yanu si bwino, kuno kwathu kuli lamulo la Copyright la 2016 ndipo bungwe la COSOMA lilipo chifukwa cha zomwezi. Nanunso tsiku lina mudzamva kuwawa mukadzaona dizaini yanu pa benchi ya wina.

Mukasankha ziwiri zomwe zikuoneka kuti zikukuyenerani, ziyeseni ndi chinthu chimodzi chomwe mumachidziwa kale, chikwama kaya mpando womwe mwapangapo kakhumi, chijambuleni mu zonse ziwiri Loweruka limodzi. Zimitsani data muone ngati ikugwirabe. Onani ngati ikukulolani kulemba muyezo ndi manambala, ngati ikusunga PDF kapena PNG opanda kukulipiritsa kapena kudindapo dzina lawo pakona, ndipo pulintani muyeze ndi tepi. Imene yadutsa pamenepa khalani nayo miyezi itatu osasinthasintha, chifukwa dzanja limazolowera pang'onopang'ono ngati momwe linazolowerera makina osokera. Magetsi athuwa mukuwadziwa, ndiye ngati batire ya laputopu inafa dinani Ctrl ndi S pafupipafupi, mafayilo muziwapatsa maina omveka monga chikwama_35x40_zipi osati drawing1, ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse akopereni pa flash kapena dzitumizireni nokha pa imelo.